Msewu wa Mchinji ndi Anthu Ake Opalasa Njinga

Mukaima pa chipata cha Mchinji m'mamawa, mame asanakamuke, mudzapeza mathiraki atafola m'mbali mwa msewu kudikira mapepala, madalaivala akadali m'tulo. Njinga zokha ndi zimene zimakhala zitayamba kale ntchito. Mnyamata wa kabaza wamanga kakhushoni pa keliyala, akupukuta chishalo ndi kansanza uku akuitanira kuti, "Tiyeni mayi, ku boma!" Wina wadutsa ndi matumba awiri a mtedza, wina ndi mabigiri a madzi, winanso ndi mbuzi yomangidwa miyendo ikulira kumbuyo kwake. Kuchokera pachipatapo kukafika pa boma la Mchinji ndi makilomita pafupifupi 12, ndipo alipo anyamata amene amatchova mtunda umenewu maulendo angapo tsiku limodzi, atakweza munthu ndi katundu wake yemwe. Tsidya linalo, ku Mwami ndi ku Chipata, moyo ndi womwewo. Chipata ndi tawuni ya njinga kuyambira kale, moti kunali fakitale ya Luangwa Industries imene inkapanga njinga za Eagle.

Pa msewu womwewu wa M12 pamadutsanso opalasa njinga a mtundu wina. Mu 2003 kunayambika ulendo wotchedwa Tour d'Afrique, wochokera ku Cairo kukathera ku Cape Town, umene umatenga miyezi pafupifupi inayi. Alendowa amalowa m'dziko muno pa Songwe, n'kutsata nyanja kuchokera ku Karonga mpaka ku Chitimba, kukwera Chiweta, kudzera ku Mzuzu mpaka ku Lilongwe. Akapumula kumeneko amalunjika kumadzulo: Msundwe, Namitete, Kamwendo, pa boma, kenaka n'kudindiritsa mapasipoti pachipata pathu pano kuti akagwire msewu wa Great East wopita ku Lusaka. Njinga zawo n'zopepuka, za magiya ambiri, ndipo katundu wawo amayenda pa galimoto. Ana amawathamangira ndi kuwakuwira. Akuluakulu amangopukusa mutu: munthu walipira ndalama zankhaninkhani kuti adzatope ndi ntchito imene wa kabaza amaigwira kuti apeze ya ufa!

Ine sindiwaseka alendowa. Aona chinthu chimene ife eni ake sitichiona, ndipo kusiyana kwathu ndi iwo kumaonekera bwino pa chikweza.

Kwa munthu wa kuno chikweza ndi mdani. Njinga yathu ya kumudzi, kaya ndi Hamba ya makolo, kaya ndi Hero, kaya ndi Buffalo ya masiku ano, nthawi zambiri imakhala ya giya imodzi. Ukasenzetsa matumba a chimanga, pachikweza umatsika n'kumakankha, dzanja lina pa handulo lina pa katundu, thukuta lili kamukamu. Pamtsetse mantha amakhala ena: mabuleki akakhala otha, chidendene cha nsapato ndicho chimakanikiza tayala. N'chifukwa chake wodziwa njira amazemba phiri, ngakhale njirayo italike.

Ku Ulaya phiri amachita kulifunafuna. Mpikisano wa Tour de France, umene unayamba mu 1903, umachitika kwa masabata atatu m'mwezi wa Julaye, ndipo masiku amene anthu amawadikira kwambiri ndi a m'mapiri a Alps ndi Pyrenees. Kuli chikweza china chotchuka, Alpe d'Huez, cha makilomita pafupifupi 14, chokhota malo 21. Pokhota paliponse anaikapo chikwangwani cha nambala ndi maina a anthu amene anapambanapo pa phirilo. Chaka chonse anthu wamba amapita kukadziyesa pamenepo, n'kugona m'mahotela a m'mudzimo, n'kudya m'malesitilanti awo. Phiri lasanduka munda wa anthu a kumeneko. Ndikamva zimenezi maganizo anga amathamangira ku msewu wa Gorodi, wochokera ku Chitimba kukwera ku Livingstonia. Kutalika kwake n'kofanana ndi kwa phiri la ku France lija, nawonso umakhota malo pafupifupi 20, ndipo ukacheuka kumbuyo umaona nyanja yonse ili ndendende pansi pako. Ndikumbukiranso msewu wa Khwekhwelere wotsikira ku Golomoti. Mapiri tili nawo, okongola kuposa ambiri a kunja. Koma kwa ife akadali malo ovutikira basi.

Za m'mbali mwa madzi n'chimodzimodzi. Abale athu amene amagwira ntchito ku Cape Town amadziwa tsiku lina la m'mwezi wa Malichi pamene misewu ikuluikulu imatsekedwa kuti padutse njinga zokha. Ndi tsiku la Cape Town Cycle Tour, mpikisano umene unayamba mu 1978, wa makilomita 109, wozungulira m'mbali mwa nyanja ya mchere kudzera pa Chapman's Peak, pamene msewu anachita kuusema m'thanthwe, madzi ali m'munsi. Amapalasa anthu zikwi makumi angapo, akatswiri ndi nkhalamba zomwe. Ife tili ndi msewu wa M5, wochokera ku Salima kudzera ku Nkhotakota, Dwangwa, Chintheche mpaka ku Nkhata Bay. Ndi msewu wa minda ya mpunga, minda ya nzimbe, mitengo ya labala ndi mchenga woyera wa ku Chintheche. Njinga zimayendamo zambirimbiri, zonyamula madengu a usipa, nkhuni ndi chinangwa. Koma m'malo ambiri tala ndi wopapatiza, m'mphepete munadyeka, ndipo milatho ina ndi yodutsa galimoto imodzi. Basi ikaimba hutala kumbuyo, wapanjinga amadziponya kudothi, dengu la usipa n'kutayika.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kuno kwathu wapanjinga amaonedwa ngati wobwereka msewu. Ndinaonapo ndi maso anga, chakufupi ndi Kamwendo, bambo wachikulire atagwera m'ngalande ndi thumba lake la feteleza chifukwa minibasi inamupanikiza. Okwera ena m'minibasimo anaseka. Bamboyo anadzuka, n'kudzisansa fumbi, n'kuyamba kuwongola handulo atapana tayala pakati pa miyendo, osanena kanthu. Chimene chinandipweteka mtima ndi kukhala chete kwakeko, ngati kuti iye mwini anavomereza kuti tala si wake.

Anthu amati ku Netherlands njinga imalemekezedwa chifukwa dzikolo ndi lachidikha komanso lolemera. Zoona, n'lachidikha, ndipo njinga kumeneko n'zochuluka kuposa anthu. Koma ulemuwo sunagwe kuchokera kumwamba. Mu 1971 anthu oposa 3,000 anafa pa ngozi za pamsewu m'dzikolo, oposa 400 mwa iwo anali ana. Makolo anakwiya, n'kuyambitsa gulu lotchedwa Stop de Kindermoord, kutanthauza kuti kuphedwa kwa ana kuthe. Anatseka misewu, anakakamiza makhansala ndi aphungu, mpaka boma linayamba kumanga tinjira tapadera ta njinga. Lero tinjira timeneti tikaphatikizidwa timapitirira makilomita 30,000. Ife maliro a pamsewu timawalira m'mudzi, n'kunena kuti linali tsiku lake. Awa ndi mawu otonthoza ofedwa, koma asamakhale yankho lathu kwa omanga misewu.

Sindikunena kuti zonse zabwino zili kunja. Zilipo zathu zimene mlendo amazisirira. Pa msewu wa M12 simungayende makilomita ambiri osapeza wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango, ali ndi pampu, guluu, beseni la madzi oyeserapo chubu ndi kachitini ka masipoko. Tcheni ikaduka amailumikiza, pedulo ikathyoka amaiwotcherera, ndipo njinga ya agogo imafika kwa mdzukulu ikadayenda. Njinga yathu yapititsa amayi oyembekezera ku chipatala, yatengera ana ku sukulu, yafikitsa alangizi a zaumoyo ndi abusa ku midzi kumene galimoto siifika nthawi ya dzinja. Ku Ulaya njinga yothamangira ndi chisangalalo cha munthu wokhuta. Kuno njinga ndi khasu. Tilinso ndi zolakwa zathu, ndipo tisazibise. Ambiri amayenda usiku opanda nyali, atavala zakuda. Ena amayenda mbali yolakwika ya msewu, ena amatulukira pa tala osayang'ana. Kubwera kwa kabaza wa njinga zamoto kwawonjezera chipwirikiti, moti wa kapalasa tsopano akupanikizidwa ndi galimoto ndi mnzake wa kabaza yemwe.

Dziko limene liyenera kutitsegula maso kwambiri si France ayi, koma Rwanda. Ndi dziko la mapiri okhaokha, la alimi ang'onoang'ono ngati ife, kumene anyamata amanyamula mbatata, nthochi ndi anthu pa njinga za giya imodzi. Cha m'ma 2007 kunakhazikitsidwa timu ya dziko, ndipo ena mwa amene anasankhidwa anali anyamata a kabaza amenewa. Anawapatsa njinga zoyenera, chakudya ndi aphunzitsi, kenaka n'kumanga malo ophunzitsira ku Musanze. Mpikisano wawo wa Tour du Rwanda, umene unayamba mu 1988, unalowa pa kalendala ya bungwe la njinga la dziko lonse lapansi la UCI mu 2009, ndipo mu 2014 mwana wa komweko, Valens Ndayisenga, anaupambana. Mu Sepitembala 2025 mzinda wa Kigali unachititsa mpikisano wa akatswiri a njinga a dziko lonse lapansi, koyamba pa nthaka ya Africa. Ku Eritrea nakonso njinga ndi masewero a mtundu wonse, ndipo mu 2024 Biniam Girmay anapambana masiku atatu a Tour de France n'kutenga malaya obiriwira, amene amapatsidwa kwa katswiri wa mapointi. Ndikamuona mnyamata wa pa Mchinji akukwera chikweza ndi mayi wonyamula mwana kumbuyo ndi thumba la ufa pamiyendo, osatsika, ndimadzifunsa kuti miyendo imeneyo ikanafika pati ikanakhala ku Musanze. Sitikudziwa chifukwa palibe amene anaiyesapo.

Njira yoyesera tili nayo kale, yongofunika kuitchula dzina. Imayambira pachipata pa Mchinji, pansi pa mapiri amene mumachokera mtsinje wa Bua. Imadutsa m'chigwa cha fodya ndi mtedza mpaka ku Lilongwe, n'kulowa msewu wa M14, kukwera ndi kutsika m'zitunda za ku Mvera, kenaka n'kutsetsereka kulowera ku Salima mpaka kukaponda mchenga wa ku Senga Bay. Ndi makilomita oposa 200, kuchokera kumalire a dziko kukafika kunyanja, ndipo wapanjinga amatsika mamita mazana angapo kuchokera kumtunda kozizira kukafika kotentha. Ulendo wa masiku awiri, wogona ku Lilongwe. Patakhala gawo la njinga za magiya ndi gawo la njinga za kabaza, aliyense n'kupikisana ndi anzake ofanana nawo zida, anthu a ku Namitete ndi ku Kamwendo angadzaze m'mbali mwa msewu monga amachitira ku Rwanda. Anyamata a ku Chipata nawonso angabwere, pajatu chilankhulo n'chimodzi.

Koma mpikisano ndi wa tsiku limodzi pa chaka, pamene bambo uja wa feteleza amayenda pa M12 tsiku ndi tsiku. Mu Disembala 2022 atsogoleri a Malawi ndi Zambia, a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema, anatsegulira chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami kuti mathiraki asamachedwe. Ndi chitukuko chabwino, koma mathiraki akachuluka ndi kuthamanga, wapanjinga ndiye amachepetsedwa malo. Choncho ndikupempha a Roads Authority ndi khonsolo ya Mchinji kuti msewu uliwonse umene ukukonzedwa, kuyambira M12, uzikhala ndi mphepete yothira tala yokwanira njinga yonyamula matumba awiri, yolembedwa mzere wooneka bwino, ndipo apolisi aziletsa minibasi kuimikapo. Mabungwe a kabaza aonetsetse kuti membala aliyense ali ndi mabuleki ogwira ndi nyali. Ndipo inu amene mumagwira chiwongolero, mukaona munthu akulimbana ndi chikweza patsogolo panu, chepetsani liwiro, mumudutse patali.