MAGANIZO AKACHULUKA, MLANGIZI AMAPEZEKA NDI PAFONI POMWE

Pakati pa anthu amene amadikira pamzere kuchipatala m'maŵa uliwonse, alipo ena amene magazi awo akapimidwa sapezeka ndi malungo, komabe mutu suleka kuŵaŵa. Usiku sapeza tulo, nsima saimva kukoma, ndipo khasu limawalemera asanayambe n'kulima komwe. Akafunsidwa mofatsa, wina amaulula kuti mwamuna wake anapita ku Joni ndipo analeka kutumiza chithandizo. Wina ali ndi ngongole ya feteleza imene sakudziŵa kuti aibweza bwanji. Winanso sakulankhulana ndi mkazi wake ngakhale akugona m'nyumba imodzi. Anthu otere panado sawachiza, chifukwa gwero la vuto lawo ndi nkhaŵa ndi kuvutika maganizo.

Kuvutika maganizo si ulesi ndipo si kulodzedwa. Ndi matenda monga ena onse, ndipo akalekereredwa amapha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse. M'chaka cha 2020 apolisi a ku Malaŵi ananena kuti chiŵerengero cha odzipha chinakwera, ndi kuti ambiri anali amuna amene anapsinjika ndi ngongole kapena mikangano ya m'banja. Madokotala a matenda a maganizo ndi ochepa, ndipo zipatala zake monga cha ku Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu zili kutali ndi midzi yambiri.

AGOGO A PABENCHI

Vuto la mtunda limeneli linamkhudza kwambiri dokotala wina wa ku Zimbabwe, Dr. Dixon Chibanda. M'chaka cha 2005 mtsikana amene iye ankamthandiza anadzipha kumudzi kwawo. Mayi ake anafotokoza kuti analephera kubwerera naye kuchipatala ku Harare chifukwa chosoŵa ndalama yokwerera basi.

Chaka chotsatira, dokotalayo anayamba kuphunzitsa agogo aakazi 14 ku Mbare, mu mzinda wa Harare, luso lomvetsera ndi kulangiza. Agogowo ankakhala pabenchi panja pa chipatala, ndipo munthu wovutika ankabwera kudzacheza nawo. Ntchitoyi inatchedwa Friendship Bench. Agogowo sankatchula maina ovuta a matenda. Ankangoti "kufungisisa", mawu a Chishona otanthauza kuganiza kwambiri.

Zotsatira za kafukufuku zinafalitsidwa m'chaka cha 2016. Anthu 573 anagaŵidwa m'magulu aŵiri. Patapita miyezi 6, mwa anthu 100 alionse amene anacheza ndi alangizi a pabenchi, pafupifupi 14 okha ndiwo anali akadali ndi zizindikiro za matendawo. M'gulu limene silinapite pabenchi, theka la anthu linali likuvutikabe. Njirayi inayesedwanso m'zipatala zina za ku Malaŵi.

Mliri wa COVID-19 utafika m'chaka cha 2020, anthu analetsedwa kusonkhana. Pamenepo alangiziwo anayamba kucheza ndi anthu pafoni ndi pa WhatsApp, ndipo munthu wokhala kutali anayamba kupeza mlangizi osalipira basi. Ku Malaŵi malangizo a zaumoyo a pafoni si achilendo, pakuti Chipatala cha pa Foni chinayamba ku Balaka m'chaka cha 2011 ndi nkhani za amayi ndi ana, ndipo pambuyo pake chinafalikira m'dziko lonse.

M'MENE UPHUNGUWU UMAYENDERA

Munthu amaimba foni kapena kulemba uthenga, ndipo amapangana ndi mlangizi tsiku ndi nthaŵi. Poyamba mlangizi amafunsa za tulo, za kadyedwe, za ntchito, ndiponso ngati munthuyo anaganizapo zodzipha. Funso limeneli si lonyoza, ndipo kuliyankha moona kumapulumutsa moyo.

Kenaka munthuyo amatchula mavuto ake onse, n'kusankhapo limodzi loti ayambe nalo. Mlangizi wabwino salamula. Iye amathandiza munthuyo kupeza yekha chimene angachite sabata imeneyo. Wangongole angaganize zokakambirana ndi mwini ndalama kuti azibweza pang'onopang'ono. Mayi amene mwamuna wake anatchona angaganize zokaonana ndi ankhoswe kapena kuloŵa gulu la banki m'khonde. Sabata yotsatira amakambirana m'mene zayendera. M'njira ya pabenchi, macheza otere amachitika pafupifupi kasanu n'kamodzi.

Ubwino wina wa foni ndi wakuti imachotsa manyazi. Abambo ambiri analeredwa ndi mawu akuti mwamuna salira, ndipo amaopa kuonedwa akuloŵa m'chipinda cha uphungu pamaso pa anansi. Pafoni, bambo angalankhule ali kumunda kapena kudimba, popanda wina womumva. Banja limene mmodzi ali kunja kwa dziko lingathenso kulangizidwa pamodzi ngati onse aŵiri avomera.

ZOYENERA KUSAMALA

Akulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Si aliyense wodzitcha mlangizi pa Facebook kapena pa WhatsApp amene anaphunzira ntchitoyi. Munthu ayenera kufunsa namwino, dokotala kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake kuti ampatse nambala yodalirika. Mlangizi weniweni amatchula dzina lake ndi bungwe limene akugwirako ntchito. Sapempha zithunzi za thupi, safunsa nambala yachinsinsi ya ndalama za pafoni, sagulitsa mankhwala obweza mwamuna kapena mkazi, ndipo salonjeza kuti mavuto atha tsiku limodzi.

M'mabanja ambiri foni ndi imodzi, ndipo ena amachita kubwereka kwa anansi. Choncho ndi bwino kufufuta mauthenga macheza akatha, kapena kuimba m'malo molemba. Nkhani za m'nyumba siziyenera kulembedwa m'magulu a anthu ambiri, chifukwa zimene zalembedwa kumeneko zimayenda mudzi wonse dzuŵa lisanaloŵe.

PAMENE FONI SIKWANIRA

Pali mavuto ofunika kuthamangira nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Munthu amene akunena zodzipha, amene wabisa chingwe kapena mankhwala a tizilombo, kapena amene wayamba kugaŵa katundu wake ngati akutsanzika, asasiyidwe yekha. Abale achotse zinthu zoopsazo m'nyumba ndi kupita naye kuchipatala. Chimodzimodzi munthu amene akumva mawu amene ena sakuwamva, mayi amene wangobereka kumene ndipo akukana mwana wake, ndi munthu amene amanjenjemera akapanda kumwa moŵa. Ameneŵa amafunika kupimidwa, ndipo ena amapatsidwa mankhwala.

Kumenyedwa m'banja nakonso si nkhani yongolangizidwa kuti munthu apirire. Wovulazidwa apite kuchipatala ndi kupolisi, kumene kuli ofesi yothandiza anthu ochitidwa nkhanza.

Uphungu wa pafoni sunabwere kudzalanda ntchito ya ankhoswe, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, kapena abale. Kaŵirikaŵiri mlangizi amalimbikitsa munthu kuti abwerere kwa anthu omweŵa, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma pali nkhani zina zimene munthu amaopa kuuza wachibale, ndipo zimenezi ndi zimene zimamdya m'kati mwakachetechete.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Munthu amene watha masabata aŵiri kapena kuposerapo ali wachisoni, wosagona, ndi wosafuna kuchita zimene ankazikonda, anene zimenezi poyera akaloŵa kwa dokotala, osangotchula mutu wokha. Ndipo ngati kwawo kuli kutali, afunse asanachoke pachipatala kuti ndani angamamuimbire foni.