Ziphuphu Kumaso: Dekhani, Musawononge Nkhope Yanu

Pa msonkhano wotsatira wa kalabu, tayang'anani anzanu amene mwakhala nawo pansi pa mtengo paja. Muona kuti ambiri ali ndi ziphuphu pamphumi, m'masaya kapena pachibwano. Ena amakokera duku kumaso, ena amakhala kumbuyo kuti asaoneke, ndipo alipo atsikana amene amajomba kusukulu chifukwa chotopa ndi kusekedwa. Kwa akuluakulu nkhaniyi imaoneka yaing'ono, koma kwa mwini nkhope ndi yaikulu ndithu.

Ziphuphu zambiri zimachepa zokha munthu akamakula. Zimene zimasiya zipsera za moyo wonse nthawi zambiri ndi zomwe timachita tokha pofuna kuzithetsa msanga. Ndiye tiyeni tione zoyenera kuchita ndi zoyenera kupewa.

Kodi ziphuphu zimabwera bwanji?

Pakhungu pathu pali timabowo ting'onoting'ono tomwe timatulutsa mafuta achilengedwe ofewetsa khungu. Munthu akatha msinkhu, mahomoni a m'thupi amachulukitsa mafutawa. Mafuta aja akasakanikirana ndi khungu lakufa limene limasuwa tsiku ndi tsiku, kabowo kamatsekeka. Mkatimo mumaswana mabakiteriya, pamatupa, ndipo nthawi zina pamachita mafinya. Basi, chiphuphu ndi chimenecho.

N'chifukwa chake ziphuphu zimakonda kumaso, pachifuwa ndi kumsana, malo amene amatulutsa mafuta ambiri. Pa achinyamata 10 aliwonse, pafupifupi 8 amakhala nazo nthawi ina yake. Atsikana ambiri amaona kuti zimachuluka akatsala pang'ono kusamba kumwezi. Ngati makolo anu anavutika nazo ali achinyamata, inunso zikhoza kukuvutani. Sizipatsirana, ndipo si chizindikiro cha uve.

Mabodza amene timamva

Bodza loyamba, lomwenso ndi loopsa kwambiri, ndi lakuti ziphuphu zimatha munthu akayamba kugonana. Anyamata ena amanyengerera atsikana ndi mawu amenewa, enanso amanamizana okhaokha. Ayi ndithu, kugonana sikuchotsa chiphuphu ngakhale chimodzi. Chimene mungatengeko pogonana mosadziteteza ndi mimba yosayembekezera, matenda opatsirana pogonana kapena HIV, ziphuphu zija zili pompo.

Bodza lachiwiri ndi lakuti munthu wa ziphuphu zambiri ndiye kuti ali ndi kachilombo. Simungadziwe za HIV poyang'ana nkhope ya munthu. Njira ndi imodzi yokha, kuyezetsa magazi. Tisamalozane zala.

Lachitatu ndi la mtedza. Palibe umboni wokwanira wakuti mtedza umayambitsa ziphuphu, choncho musasiye kudya nsinjiro. Zimene zimawonjezera ziphuphu kwa anthu ena ndi zakudya ndi zakumwa za shuga wambiri.

Kasamalidwe ka tsiku ndi tsiku

Sambani kumaso kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, komanso mukatuluka thukuta kumunda kapena kumpira. Gwiritsani ntchito madzi oyera ndi sopo wosambira wosanunkhira kwambiri. Sopo waufa wochapira zovala asafike kumaso. Sambani ndi zala zanu mofatsa. Chinkhupule ndi mwala zisiyireni mapazi, chifukwa kukwecha nkhope kumawonjezera kutupa.

Mukasamba, pukutani ndi kansalu kanukanu koyera, mochita kugunditsa osati kukhula. Chapani nsalu ya pilo, kapena chitenje chimene mumatsamira, kamodzi pa sabata. Mafuta a tsitsi asamayenderere pamphumi, chifukwa ndi amene amabweretsa tiziphuphu tambiri m'mphepete mwa tsitsi. Mafuta olemera odzola thupi lonse musawapake mochuluka kumaso.

Madzi a mandimu, mankhwala otsukira mano, phulusa ndi sipiriti zimawotcha khungu. Chiphuphu chimatha kuuma inde, koma pamalopo pamatsala banga lakuda lomwe limakhalitsa kuposa chiphuphu chija.

Chachikulu pa zonse: osafinya. Mukafinya, mafinya ena amatuluka koma ena amalowa mkati, bala limakula, ndipo chipsera chimayambira pamenepo. Kuboola ndi singano, pini kapena lezala n'koipa kuposa apo. Ngati zidazo mukubwerekana, mukhozanso kupatsirana matenda oyenda m'magazi monga a chiwindi a hepatitis B ngakhalenso HIV.

Mabanga ndi zipsera n'zosiyana

Chiphuphu chikapola, ife a khungu lakuda nthawi zambiri timatsala ndi banga lakuda losalala. Limeneli si chipsera chenicheni. Limazimiririka lokha pang'onopang'ono, kawirikawiri pa miyezi 6 mpaka 12, ngakhale kuti ena amatenga nthawi yoposa apo. Dzuwa limadetsa mabangawa, ndiye valani chipewa chachikulu popita kumunda kapena kumsika. Amene angakwanitse agule mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposa.

Chipsera chenicheni ndi pamene khungu lakumbika n'kusiya kadzenje, kapena pamene latupa n'kuuma ngati mphuno ya nsalu. Zotere sizichoka ndi mafuta a pamsika, ngakhale wogulitsa alumbire bwanji. Zimafuna achipatala odziwa za khungu. Ndiye njira yabwino ndi kupewa kuti zisayambe.

Chenjerani ndi mafuta oyeretsa khungu

Apa ndi pamene achinyamata ambiri akupwetekera. Pamsika pali timachubu ndi timabotolo tomwe amati timachotsa ziphuphu ndi mabanga m'masiku ochepa. Musanagule, werengani zimene zalembedwapo.

Mukaona mawu akuti betamethasone kapena clobetasol, dziwani kuti amenewo ndi mankhwala amphamvu a matenda ena a pakhungu, oyenera kulembedwa ndi dokotala. Masabata oyamba nkhope imaoneka yosalala, munthu n'kumasangalala. Kenaka khungu limayamba kupyapyala, timitsempha timaonekera, ndipo ziphuphu zimabwerera zambiri kuposa kale. Ukasiya, nkhope imayabwa ndi kutentha, ndiye umabwereranso kukagula. Ndi msampha.

Mukaona mawu akuti hydroquinone, dziwani kuti akadzoledwa kwa nthawi yaitali amatha kudetsa masaya ndi mabanga obiriwira moderapo amene amavuta kwambiri kuchoka. Mafuta ena amakhalanso ndi mercury, poizoni amene amawononga impso ndi mitsempha, ndipo mwa mayi woyembekezera amafika kwa mwana. Vuto lake, opanga ena salemba n'komwe kuti aikamo zinthu zimenezi. Chifukwa cha zoopsazi, dziko la South Africa linaletsa hydroquinone mu zodzoladzola mu 1990, ndipo Rwanda inayamba kulanda mafuta oyeretsa khungu m'misika mu 2018.

Ngati mwakhala mukudzola mafuta otere kwa miyezi, pitani nawo kuchipatala akakuuzeni kasiyidwe kake. Musachite manyazi, simuli nokha.

Nanga phaudala ndi zodzoladzola zina?

Palibe cholakwika kudzikongoletsa popita kuukwati kapena kuzisangalalo. Ziphuphu sizikuletsani, bola mutsate izi:

Sankhani zodzola zolembedwa oil-free kapena non-comedogenic. Mawuwa akutanthauza kuti zilibe mafuta otseka timabowo tija. Phaudala wouma ndi wabwinoko kusiyana ndi zodzola zonata za mafuta ambiri.

Sankhani mtundu wofanana ndi khungu lanu. Yesani pang'ono m'mphepete mwa nsagwada, muli panja powala. Wowala kuposa khungu lanu amachititsa nkhope kutuwa, ndipo mabanga amaonekera kwambiri.

Pakani pang'ono. Dontheza pabanga penipeni ndi chala choyera, gunditsani mofatsa, kenaka phaudala pang'ono pamwamba. Kuunjika zodzola kumangoonetsa ziphuphu zotupa. Pachiphuphu chophulika kapena chotuluka magazi musapakepo kanthu mpaka papole.

Kasiponji kopakira kakhale kanu nokha, ndipo muzikachapa ndi sopo sabata iliyonse n'kukayanika kaume. Zodzola zimene zasintha fungo kapena zadutsa tsiku lake, tayani.

Musagone ndi zodzola kumaso, ngakhale mwafika usiku mutatopa ndi kuvina.

Anyamata, izi ndi zanu

Pometa ndevu, yambani mwafewetsa ndi madzi ofunda ndi sopo. Metani motsata kumene ndevu zagonera, ndipo lambalalani ziphuphu, musazidule mitu. Lezala likhale lanulanu. Kometetsa, onetsetsani kuti makina awapukuta ndi mankhwala ophera tizilombo asanakukhudzeni.

Thandizo lenileni lilipo

M'mafamase muli mankhwala opaka otchedwa benzoyl peroxide. Yambani ndi ofooka, a 2.5% kapena 5%, pang'ono kamodzi pa tsiku. Amaumitsa khungu masiku oyamba ndipo amasuwitsa mtundu wa nsalu, ndiye samalani zovala. Kusintha kumayamba kuoneka pakatha masabata 6 mpaka 8, osati mawa.

Pitani kuchipatala ngati ziphuphu zili zikuluzikulu, zopweteka, zamkati mwa khungu, ngati zayamba kusiya timaenje, kapena ngati zikukusowetsani mtendere mpaka kuthawa anzanu. Pitaninso ngati totupa tikuyabwa kwambiri kapena tafalikira m'mikono ndi m'miyendo, chifukwa amenewo akhoza kukhala matenda ena monga mphere. Achipatala akhoza kukupatsani mankhwala akumwa monga doxycycline, koma musagule nokha kapena kugawana ndi mnzanu. Mankhwala amenewa ndi ena a ziphuphu saloledwa kwa woyembekezera, choncho ngati mukukayikira kuti muli ndi pakati, nenani. Zipatala zambiri zili ndi malo othandizira achinyamata kumene mungafunse momasuka.

Kambiranani pa kalabu

1. Kodi kwanuko anthu amati ziphuphu zimayamba ndi chiyani? Ndi ziti mwa zimenezo zomwe mwaona lero kuti si zoona?

2. Mtsikana wauzidwa ndi chibwenzi chake kuti ziphuphu zake zitha akagonana. Mungamulangize chiyani? Yesani kupanga kasewero.

3. Mnzanu wasiya kubwera kukalabu chifukwa chosekedwa nkhope. Kalabu yanu ingachite chiyani sabata ino kuti abwerere?