Kusiyana kwa Moyo Pakati pa Mzuzu ndi Joni

Sabata iliyonse mabasi amanyamuka ku Mzuzu kulowera ku Johannesburg, kudzera ku Mwanza, ku Tete ndi ku Beitbridge. Ambiri mwa okwerawo ndi anyamata a ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay. Njira imeneyi ndi yakale ndithu. Clements Kadalie wa ku Chifira anaiyenda, nakayambitsa bungwe la antchito ku Cape Town m'chaka cha 1919. Pambuyo pake anthu ankapita ndi Wenela, kufikira m'chaka cha 1974 pamene ndege inagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi 74, ndipo Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito za m'migodi.

Chimene chimawakoka nchosabisika. Chuma cha dziko chikagawidwa pa munthu mmodzi mmodzi, South Africa iposa Malawi pafupifupi kakhumi. Kumeneko nyumba zoposa 80 mwa 100 zili ndi magetsi, pamene kuno kalembera wa 2018 anapeza nyumba 11 zokha mwa 100. Nkhalamba yosauka ikakwanitsa zaka 60 imalandira ndalama kwa Boma mwezi ndi mwezi. Tsono pamene kwacha inachepa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mphunzitsi wa ku Katoto anaona malipiro ake akusungunuka, koma mnzake wolima maluwa pa nyumba ya munthu ku Joni anapitiriza kutumiza ndalama za malata ndi simenti ku Mchengautuwa.

Komatu wobwera kutchuthi atavala jekete latsopano sanena zonse. Ku South Africa, mwa anthu atatu ofuna ntchito mmodzi saipeza. M'chaka cha 2022/23 apolisi akumeneko anawerenga anthu ophedwa oposa 27,000. Mu 2008 zipolowe zodana ndi alendo zinapha anthu 62, ndipo mu 2015, zitabuka ku Durban, Boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake, ambiri atataya katundu yense. Wopanda mapepala amayenda mtima uli m'mwamba, poopa kutsekeredwa ku Lindela. Amalipira chipinda, madzi ndi ndiwo zimene kwawo akanathyola kuseri kwa nyumba.

Mzuzu nawo sunaime. Unayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung m'chaka cha 1947, unakhala mzinda mu 1985, ndipo mu 2018 unali ndi anthu 221,272. Yunivesite inatsegulidwa mu 1999, chipatala chachikulu mu 2000. Chosowa kwenikweni ndi ntchito zolipira, ndipo aphunzitsi ndiwo amayamba kuona zotsatira zake: mnyamata wanzeru wa Fomu 2 akangotenga pasipoti, desiki lake limakhala lopanda munthu, ndipo ana amene makolo awo onse awiri ali ku Joni amabwera kusukulu kuchokera m'manja mwa agogo.