Madzi osefukira ndiwo amalera nsomba m'Chigwa cha Shire

Mlimi wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje akamva kuti Shire wadzaza, mtima umathamangira ku chimanga ndi ziweto. Mposadabwitsa, poti chigumula cha 2015 ndi namondwe wa Freddy mu 2023 zidasiya maliro ambiri. Koma kusefukira wamba kwa chaka ndi chaka, kuja madzi amakwera pang'onopang'ono nkuyala m'madambo, ndiko kumatipatsa ndiwo.

Kafukufuku wa Willoughby ndi Tweddle wa mu 1978 adapeza kuti mwa nsomba khumi zogwidwa m'chigwachi, pafupifupi zisanu ndi zinayi zidali mphende, mlamba ndi chikano. Ana a nsomba zitatuzi sakulira pakati pa mtsinje ayi. Madzi akayamba kukwera, mlamba umalowa m'maudzu omizidwa nkuikira mazira, ndipo pakangopita tsiku limodzi kapena awiri aswa. Mphende imafungatira ana mkamwa nkukawatula posaya, pamene madzi afunda ndi dzuwa.

Chakudya chili pomwepo. Ndowe za ng'ombe, mapesi ndi udzu zikawola m'madzi zimachulukitsa tizilombo tosaoneka bwino ndi maso, tomwe ndi phala la tinsombati. Bango nalo limatibisa kwa mcheni ndi mbalame. Madzi akakhalitsa miyezi ingapo, timabwerera kumtsinje titakula ndithu. Akaphwa msanga, timatsakamira m'zithaphwi nkuthera akakowa. Nchifukwa chake chaka cha chilala, monga 1992, msodzi amalira pamodzi ndi mlimi.

Apa mpamene ife alimi tikukhudzidwa. Malo olelera nsombawa ndi omwe aja timadzalamo chimanga, mbatata ndi nyemba madzi akaphwa. Kulima dimba si mlandu. Vuto ndi kutentha bango lonse, kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, ndiponso kutseka timifuleni tomwe nsomba zimadzera pobwerera ku Shire. Choipitsitsa ndi kukokola ndi neti ya udzudzu, imene sisiya ngakhale kansomba kochepa ngati chikhadabo.

Dambo la Elephant Marsh lidalowa m'kaundula wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse, mu 2017. Koma kaundula satsegula mfuleni. Inu a dimba, siyani mpanda wa bango pakati pa munda ndi thamanda, ndipo kambiranani ndi anyakwawa ndi komiti ya asodzi kuti njira za madzi zisatsekedwe mpaka madzi atatsika.