Cóbuè, mudzi wa m'malire

Lichinga ndi mzinda wa pamwamba, pakati pa mapiri. Kumazizira kwambiri mu Juni ndi mu Julayi. Munthu akafuna kuona nyanja, amatsika. Mseu umadutsa pa Maniamba, nutsetsereka mpaka ku Metangula, ulendo wa makilomita oposa 100. Kumeneko kumatentha, ndipo madzi amaonekera patali.

Kucokera ku Metangula, njira ina imalowera kumpoto. Imapita pafupi ndi Messumba, imakwera zitunda, imaoloka timitsinje. Pomaliza imafika pamudzi wochedwa Cóbuè. Eni mudzi amati Kobwe. Mudziwu uli m'boma la Lago, m'cigawo ca Niassa.

Kumbuyo kwa mudzi kuli mapiri ndi nkhalango. Kutsogolo kuli mcenga ndi madzi. Dzuwa limatulukira kumapiri, nililowera kunyanja. Nyanjayi ndi yaikulu zedi. Kutalika kwake kumaposa makilomita 500, ndipo pamalo pena ndi yakuya pafupifupi mamita 700. Ili ndi maina atatu. Ku Mozambiki amati Niassa, ku Malawi amati Malawi, ku Tanzania amati Nyasa. M'Ciyao mau akuti nyasa amatanthauza nyanja.

Anthu a ku Cóbuè ndi Anyanja, ndipo amalankhula Cinyanja. Amalima cinangwa, nadya nsima yake. Abambo amapita panyanja ndi mabwato. Amapha usipa, utaka, cambo ndi kampango. Usipa amauyanika padzuwa, pamathandala. Msodzi aliyense amadziwa mphepo ndi maina ake. Mwera umacokera kumwera m'nyengo yozizira, ndipo umautsa mafunde aakulu. Mwera ukakula, mabwato amakhala pamtunda. Masiku ena panyanja pamaoneka cinthu cakuda conga utsi. Si moto ai. Ndi nkhungu, tizilombo ting'onoting'ono touluka pamodzi. Amai amazikola, naziphika kukhala ndiwo.

Mwana akaima pagombe la Cóbuè, amaona cilumba patsogolo pake. Cili pafupi, makilomita ocepa cabe. Kukaca bwino, mitengo ya milambe imaoneka. Cilumbaco ndi Likoma. Kuseri kwake kuli cilumba cinzake, Chizumulu. Madzi ozungulira zilumbazi ndi a Mozambiki, koma zilumba zenizenizo ndi za Malawi. Nanga zinatheka bwanji?

Kalekale kunalibe malire amenewa. Anthu a pagombe ndi a pacilumba anali amodzi. Ankakwatirana, ankalira maliro pamodzi. Pacilumba pali miyala yambiri ndipo mitengo ya nkhuni ndi yocepa, conco a ku Likoma ankadza kumtunda kudzatola nkhuni ndi kudzafuna cakudya.

Inali nthawi ya mantha. Angoni ankabwera ndi nkhondo kucokera kumpoto. Ogula akapolo nawo ankayendayenda m'mbali mwa nyanja. Cifukwa ca ici Anyanja ankamanga midzi yaikulu, naizinga ndi malinga. Umodzi mwa midziyo unali wa mfumu Chiteji, moyang'anana ndi Likoma.

M'caka ca 1882, kwa Chiteji kunafika mmishoni wa mpingo wa Anglikani, dzina lake William Percival Johnson. Anali Mngerezi. Anayenda m'midzi ya m'gombe zaka zambiri, pansi ndi pasitima. Mu 1885 anzake anakhazika mishoni pa Likoma. Kuyambira mu 1903 anamanga pamenepo chalichi cacikulu ca Petro Woyera, cimene ciliko mpaka lero. Anatsegula masukulu pacilumba ndi kumtunda komwe, ndipo ana ankaphunzira kuwerenga m'Cinyanja.

Pa nthawi yomweyo, mafumu a ku Ulaya anali kugawana Afrika. Mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anapangana za malire. Gombe la kum'mawa, pamene pali Cóbuè ndi Metangula, linapatsidwa kwa Apwitikizi. Likoma ndi Chizumulu zinatsala kwa Angerezi, popeza amishoni awo anali pomwepo. Dziko la kumpoto kwa mtsinje wa Rovuma linali m'manja mwa Ajeremani. Lero ndilo Tanzania. Eni nyanja sanafunsidwe kanthu. Mbale wokhala pacilumba anasanduka wa boma lina, mbale wokhala pagombe wa boma linanso.

Poyamba malire anali m'mphepete mwa madzi. Mu 1954 anawasuntha, nawaika pakati pa nyanja. Kuyambira pamenepo madzi a mbali ino anakhala a Mozambiki, koma zilumba ziwiri zija sizinasinthe mwini. Malawi atalandira ufulu mu 1964, zinakhala zake.

Caka comweco nkhondo yomenyera ufulu wa Mozambiki inayamba. Ku Niassa, mfuti zoyamba zinalira ku Cóbuè, m'mwezi wa Sitembala. Ankhondo a Frelimo anathira nkhondo posito ya Apwitikizi. Zitatero, asilikali a Apwitikizi anaculuka m'derali, ndipo anali ndi maboti ankhondo ku Metangula. Anthu ambiri anasiya nyumba ndi minda yawo. Ena anathawira kunkhalango, ena ku Tanzania. Ambiri anakwera mabwato, naolokera ku Likoma. Kumeneko sanafikire kwa alendo. Anafikira kwa amalume, kwa azakhali ndi kwa apongozi awo.

Mozambiki analandira ufulu pa 25 Juni 1975. Mzinda umene Apwitikizi ankaucha Vila Cabral unachedwa Lichinga. Koma mtendere sunakhalitse. Kunabuka nkhondo ina, ya eni dziko okhaokha, ndipo anthu anathawanso. Nkhondoyo inatha ndi pangano losainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Pambuyo pake mabanja anabwerera pang'onopang'ono. Anapeza minda itamera chire ndi nyumba zitagwa. Chalichi cacikulu ca Akatolika ca ku Cóbuè cinali citaonongeka. Anayambanso kumanga, kubzala cinangwa ndi kusema mabwato.

Ana ena anabadwira ku Likoma pa nthawi ya nkhondo, nakulira ku Cóbuè. Lero ndi makolo ndi agogo. Ena anaphunzira Cingerezi pacilumba, pamene ana awo amaphunzira Cipwitikizi kumtunda. Akakhala pamphasa madzulo, onse amaceza m'Cinyanja.

Malire alipo ndithu, ngakhale saoneka ndi maso. Panyanja palibe mpanda, palibe mwala wolembedwa. Koma ku Cóbuè kuli ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko. Woolokera ku Likoma amayenera kuonetsa mapepala ake. Mbali ino ndalama ndi metikali, mbali inayo ndi kwaca. Mbendera nazo ndi zosiyana.

Komabe mabwato ndi ngalawa sizileka kuoloka. Zimanyamula nkhuni ndi zakudya kupita kucilumba, nizibwera ndi katundu wa m'sitolo. Zimanyamula odwala opita kucipatala ca ku Likoma, ndi anthu opita kuukwati kapena kumaliro. Pa masiku a cisangalalo, magulu a magule amayenderana. Abambo amavina mganda atavala zoyera, akuliza malipenga a zikho. Amai amavina ciwoda. Ng'oma zikalira, ana amathamangira kubwalo kukaona alendo a kutsidya.