Zilumba za Kwathu ku Salima

Anzanga ena pasukulu pano amayesa kuti ku Salima kuli thonje ndi kutentha basi. Tsono ndati ndikuuzeniko za zilumba za kwathu.

Njanji itafika ku Salima m'chaka cha 1935, Azungu anayamba kudza ku Senga Bay kudzapumula. Hotela yao yakale ya Grand Beach lero ikutchedwa Sunbird Livingstonia. Ukaima pamchenga pamenepo, uona Namalenje, kachilumba ka miyala kokhala ng'azi ndi mbalame. Chakumwera kuli Maleri, Nankoma ndi Nakantenga. Zitatuzi zili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980. Pa Nankoma pali nyumba zogona alendo odzaona mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala.

Koma chilumba chimene ine ndimanyadira ndi Mbenje, chakumpoto. Kumeneko kulibe hotela. Ndi kwa asodzi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kwa Makanjira amatseka chilumbachi nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane. Mowa, njuga ndi chamba n'zoletsedwa, ndipo wolakwa amachotsedwa pachilumbapo.

Atate anga amapha utaka kumeneko. Ndili mwana ndinkadandaula akatseka, poti ndiwo zinkasowa. Lero ndazindikira kuti fizi yanga imachokera m'lamulo lomwelo. Nsomba zikadzatha, msodzi adzagona ndi njala, mlendonso adzasowa chodzaona. Chotero, anzanga, mukadza kunyanja musaone mchenga wokha. Mufunsenso amene akusunga nsombazo.