Dzanja lomamatira: zimene woyamba kumene ayenera kudziwa

Loweruka lililonse m'mawa timakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yanga kuno ku Chongwe, m'dziko la Mfumu Nkomeshya Mukamambo II. Odutsa panjinga amaima n'kumationerera. Amaona achinyamata ataima awiriawiri moyang'anizana, mikono itakhudzana, wina akukankha pang'ono, mnzake akutsitsa, kenako onse n'kubwerera pomwe anayambira. Tsiku lina mayi wogulitsa tomato anatula dengu lake n'kundifunsa: “Ba Sifu, karate yanuyi bwanji simumenyana? Kapena mphamvu yake ili m'mankhwala?”

Mulibe mankhwala, amayi, ndiponso si karate. Dzina lake ndi Wing Chun, luso lomenyera pafupi lochokera kumwera kwa China. Amene analitchukitsa ndi Ip Man, wobadwira ku Foshan mu 1893, yemwe anasamukira ku Hong Kong mu 1949 n'kumaphunzitsa kumeneko, ndipo anamwalira mu 1972. Bruce Lee ali mnyamata anaphunzira kwa iyeyu. Ambiri amene amandipeza anakopeka ndi filimu ya Ip Man ya mu 2008, ya Donnie Yen, ndipo amabwera akuyembekezera nkhonya zogwa ngati matalala. Ena anaonapo ana a ku Amitofo Care Centre ku Blantyre akudumpha ndi kupidiguka m'mwamba. Imeneyo ndi kung fu ya Shaolin, ina ndithu. Ife mapazi sachoka pansi kwenikweni.

Chimene anthu amationa tikuchita chimatchedwa chi sau, kutanthauza manja omamatira. Woyamba kumene amayambira pa dan chi sau, ya dzanja limodzi. Muime mapazi motalikirana ngati mapewa anu, zala zakuphazi zitaloza mkati pang'ono, mawondo opinda. Dzanja losagwira ntchito mulifumbate pambali pa chifuwa. Mmodzi atambasule mkono chikhato chitayang'ana kumwamba, ngati wolandira chenji: ameneyu ndi tan sau. Mnzake agoneke mkono wake pamwamba, dzanja litakoleka pamfundo ya dzanja la winayo: fook sau. Wa tan sau atembenuze chikhato n'kukankha cholunjika pachifuwa cha mnzake. Wa fook sau amize chigongono, chikhato chija chiphonye njira, ndiye iyenso aponye nkhonya. Woyamba uja akweze chigongono ngati phiko, mkono utapendekera kutsogolo, nkhonya iterereke: bong sau. Kenako onse abwerere poyambira. Aphunzitsi ena kumiza kuja amakutcha jum sau, ena amakokera pang'ono n'kukutcha jut sau. Musakangane nazo, tsatirani za mphunzitsi wanu.

Mayendedwe amenewa munthu amawaloweza tsiku limodzi. Chimene chimatenga miyezi ndi kuphunzitsa mkono kumva. Msodzi wa pamtsinje wa Chongwe saiona nsomba, amaidziwira pa chingwe. Pomenyana pafupi maso amachedwa. Khungu ndi minofu ndizo zimayamba kudziwa kuti mphamvu ya mnzako ikulowera kuti. Koma mkono wolimba gwa sumva kanthu, ndipo apa ndi pamene pafupifupi aliyense amagwera.

Inenso ndinagwera pomwepo. Miyezi yanga yoyamba ndinkatsamira mkono wa mnzanga ndi fook sau ngati ndikutsendera fodya m'belo, ndipo madzulo phewa linkachita kuyaka moto. Tsiku lina mphunzitsi wanga anandipatsa tan sau yake, tinakhala chete kanthawi, kenako anachotsa mkono mwadzidzidzi. Dzanja langa linagwera pansi, nkhope yonse ili pamtetete. Sanandikalipire. Anangondigwira chigongono n'kuchibweza pakati, kutsogolo kwa chifuwa, patali ngati chibakera chimodzi kuchokera pathupi, nati tiyambirenso. Mayeso amenewa ndimawachita kwa aliyense lero. Mnzanu akachotsa mkono, dzanja lanu liyenera kupita lokha kutsogolo, pakati pa chifuwa chake, osati pansi kapena kumbali. Mphamvuyo ikhale yaing'ono koma yosaduka, yochokera kuchigongono, phewa lili phee.

Vuto lachiwiri ndi lobisika, ndipo ndilo limandidetsa nkhawa kwambiri. Taonani amayi awiri akusinja mumtondo umodzi: wina akamakweza munsi, wina akutsitsa, osayang'anana n'komwe, chifukwa aliyense akudziwa kale nthawi ya mnzake. Pamtondo zimenezo n'zokoma. Pa chi sau zimawononga zonse. Anyamata akazolowerana amayamba kusinja chimodzimodzi, wa fook sau n'kumamiza chigongono chikhato chisananyamuke, wa tan sau n'kukweza bong sau nkhonya isanabwere. Kunja zimaoneka zosalala, koma palibe akumva mnzake. Choncho wokankha azisintha nthawi: pena adikire mpweya umodzi, pena itatu. Wolandira asasunthe mpaka atamva kukankha pakhungu. Ndipo nkhonya ikhale yoona, yolunjika pamene yapita, yoti ikanafika mnzanu akanapanda kuitchinga. Kuponya nkhonya yophonya dala pomumvera chisoni ndiko kumunamiza.

Zotsalazi n'zazifupi. Vulani wotchi ndi zibangili, wengani zikhadabo. Chitani pang'onopang'ono, mphindi 10 dzanja lamanja, 10 lamanzere, ndipo phewa likayamba kukwera cha kukhutu pumulani. Muzisinthana anzanu, wamtali ndi wamfupi, mtsikana ndi mnyamata. Atsikana a m'gulu langa amafulumira kugwira chifukwa sabwera kudzayesa nyonga. Tsiku ndi tsiku muzichita nokha gawo loyamba la Siu Nim Tau, mndandanda wa mayendedwe a Wing Chun ochita munthu payekha, pakuti tan sau ndi fook sau zimakhwimira m'menemo. Zochita chi sau mutatseka maso mudikire kaye mpaka chigongono chitasiya kuthawa pakati. Za manja awiri musazithamangire.

Musaiyese chi sau ngati ndewu. Ndi chipangizo chonolera, monga mwala wonolera nkhwangwa, ndipo munthu amene akufuna kudziteteza adzafunikabe kuphunzira kuyendetsa mapazi, kutalikirana ndi mdani, ndi kulimbana ndi mnzake amene sakumugonjera. Mayi wa tomato uja ndinamupempha kuti agoneke mkono wake pa wanga atatsinzina. Ndinakankha pang'ono kwambiri, ndipo chigongono chake chinamira chokha ndisanamuuze chochita. Loweruka lotsatira anabwera ndi mwana wake wamkazi.